Ketulo ya Norberto

Ku Namacula, mumzinda wa Lichinga, aliyense ankadziwa kuti Lamulungu masana Norberto sapezeka. Munthuyo amakhala alipo ndithu pakhonde pake, koma ukamulonjera amangoyankha ndi mutu, chifukwa imeneyo inali nthawi yosambitsa ketulo.

Ketuloyo sinali yophikira tiyi. Inali ndudu yamagetsi, kachitsulo kakuda kokwana m'chikhatho, ka tanki yagalasi pamwamba, kamene mwana wake Suzete anamutumizira kuchokera ku Nampula zaka zinayi zapitazo. Dzinalo anapereka ndi madalaivala anzake a pamsewu wa ku Meponda, ataona nthunzi ikufuka pawindo la shapa yake, minibasi yonyamula anthu, ngati madzi awira. Mkazi wake Palmira anali ndi dzina lakelake. Iye ankaitchula kuti mkazi mnzake, ndipo potero sankaseka.

Norberto anayamba fodya ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo anasuta mokhulupirika zaka zoposa makumi atatu. Sikuti anasiya chifukwa cha nzeru. Chinamusiyitsa ndi chifuwa chimene chinamugoneka m'chipatala milungu itatu, paipi ili pamphuno, Palmira akugona pasimenti pafupi ndi bedi. Dotolo anamuonetsa chithunzi cha mapapo ake, n'kumuuza kuti phapo limodzi latsala dzina lokha, ndipo akabwerera ku ndudu linalo silichedwa kutsatira. Palmira anadikira kuti afike kunyumba kuti anene zake.

"Bambo a Suzete, pasimenti paja ndagonapo kamodzi," anatero. "Mukadzayambanso, ine ndipita kwathu ku Lione kukalima mbatatesi. Mudzafune wina wokugonerani pansi."

Kuyambira pamenepo moyo wa Norberto unapachikika pa kachitsulo kaja. Iye ankadzidziwa kuti si munthu wolimba mtima: ketulo itafa m'mawa, masana akanapezeka pabaraka, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, akugula ndudu. Ndiye ankaisamala monga munthu wa mbuzi imodzi. Akabwera ku misa ankayala kapulana, chitenje chakale, patebulo n'kumasula zonse, tanki, kamlomo, ndi timphira tozungulira toletsa kudontha. Ankazitsuka m'madzi ofunda n'kuziyanika pambale. Kenako ankasolola thonje lakuda la mlungu wathawo, n'kutentha kawaya kopota ka m'katimo mpaka kafiire, kukapukuta ndi mswachi wakale, n'kulowetsa thonje latsopano la ku farimasiya kogulitsa mankhwala. Thonjelo likathina limapserera, likakhwepa limakulavulira madzi m'kamwa. Zimenezi palibe anamuphunzitsa, anaziphunzira ndi lilime lake. Podula ankagwiritsa ntchito sizasi ya Palmira, mpaka Palmira anatopa n'kugula ina.

Lichinga nayenso ali ndi malamulo ake. Mu Juni, kuzizira kukagwa, madzi a m'tankimo ankalimba ngati uchi, moti ketulo inkayenda m'thumba la m'kati mwa jekete, pafupi ndi khungu. Mu Okutobala fumbi lofiira linkatseka timabowo ta mpweya. Ndipo chaka choyamba chonse Norberto ankadabwa kuti bwanji chinthucho chimadontha pobwerera kuchokera ku Meponda koma osati popita. Malaya atatu anathimbirira pathumba asanazindikire kuti vuto ndi chitunda: ukamakwera kuchoka kunyanja, mpweya wa m'tanki umafufuma n'kukankhira madziwo kunja. Kuchokera tsiku limenelo, asanalize injini ku Meponda, ankatseka timabowo n'kuimika ketulo chozondoka m'kapu yapulasitiki. Okwera ankadikira ndi madengu awo a usipa, ena akung'ung'udza, iye alibe nazo ntchito.

Madziwo, amene Suzete ankawatchula kuti likido, ankabwera pabasi miyezi iwiri iliyonse, ndipo botolo limodzi linkakhala lobisa m'sutukesi kuopa kuti basi ingachedwe. Mabatire anali anayi, kuchitira magetsi akathima. Chaka chachitatu kachitseko ka batire kanathyoka, iye n'kukamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Utoto unasupuka, batani linayamba kufuna chala champhamvu. Suzete ataona anafuna kugula yatsopano, koma bambo ake anakana. Anati iyi akuidziwa.

Chinthu chimodzi chokha ketulo sinkatha: kuyenda m'manja mwa anthu. Ndudu imapatsirana, ndipo munthu amene Norberto anapatsirana naye ndudu moyo wake wonse anali Rachide, telala wa kumsika, mnzake wa kumsasa kuja. Anabwerera limodzi nkhondo itatha, wina n'kumapita ku tchalitchi, wina ku mzikiti, ndipo zimenezo sizinawavutepo. Norberto akaweruka ankaimabe pakhonde la telalayo, koma tsopano aliyense ankafukiza zake.

"Achimwene, tiyi wapsa?" Rachide ankafunsa tsiku lililonse, osatopa nayo nthabwalayo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula itangosiya chaka chimenecho, makina a Rachide anakhala ovundikira mlungu wathunthu, kenaka mwezi. Kuchipatala anamusunga masiku angapo n'kumubweza kunyumba ndi mankhwala ochepetsa ululu, ndipo aliyense anamva tanthauzo lake. Norberto atapita kukamuona, Ancha, mkazi wa Rachide, anamulandira pakhomo n'kumulozera kuchipinda osanena zambiri.

Rachide anali atatsamira mapilo awiri, atatha ngati chingwe. Ankayankhula mawu atatu n'kupuma.

"Achimwene, tsekani chitseko."

Norberto anatseka. Rachide anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa paketi ya ndudu ndi bokosi la machesi.

"A m'nyumba muno akana. Akuti kupatsa wodwala ndi haramu. Ndayesa ndekha, mpweya sukukwana. Machesi atha theka."

Norberto anachita chimene anali asanachitepo kwa munthu aliyense. Anatulutsa ketulo, n'kupukuta kamlomo ndi malaya, n'kuigwirizira pamilomo ya mnzakeyo, iye akudina batani. Rachide anakoka pang'ono, n'kutsokomola mpaka misozi.

"Awa ndi maswiti a mango," anatero atapeza mpweya. "Ine ndikufa, achimwene, sindine mwana wa sikola."

"Dotolo akuti chiyani za fodya?"

"Dotolo wandibweza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za mawa ndi za Allah."

Norberto anayesa kuchenjera. Anagwira ndudu ndi zala n'kuiika pamoto wa machesi, milomo ili kutali. Nduduyo inapsa mbali imodzi, n'kuda, n'kuzima. Anayesanso, zomwezo. Rachide ankangomuyang'ana, osamukakamiza, ndipo kusakakamizako ndiko kunamupweteka kwambiri. Kachitatu Norberto anaiika pakamwa. Anakoka kamodzi, utsi n'kuusunga m'masaya, n'kuuuzira kuwindo msangamsanga. Kenako anaisamutsira pamilomo ya Rachide, amene anakoka kawiri, pang'onopang'ono, n'kutsinzina.

"Alhamdulillah," anatero.

Palmira anamva fungo Norberto asanakhale n'komwe pansi. Mphuno ya mkazi amene anachapa malaya a wosuta zaka makumi atatu siiwala. Norberto anafotokoza zonse mmene zinayendera, osawonjezera. Palmira anamvetsera mpaka kumapeto. Rachide ankamudziwa bwino, ndiye amene anasoka diresi la ukwati wa Suzete.

"Munthu woti akupita sakanizidwa," anatero pomaliza. "Koma inu muziyatsa kokha. Utsi usapitirire pakhosi."

"Supitirira, mayi a Suzete."

Ndipo tsiku limenelo ankanena zoona. Mawa lake anapitanso ataweruka, nayatsa, nauzira kuwindo. Tsiku lachitatu ndudu inali ndi chinyezi, inafuna kukoka kawiri. Tsiku lachisanu utsi unatsika wokha, monga mbuzi yodziwa khola lake, ndipo mutu unachita kuzungulira mokoma moti anagwira m'mphepete mwa bedi. Sanauze aliyense. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mwambiwo sunena kuti mtolo wa chiyani.

Chimene chinamugwetsa kwenikweni ndi khalidwe la kumsasa. Pofika mlungu wachiwiri Rachide ankangokoka kamodzi n'kutembenuza nkhope, ndudu yonse n'kutsala m'zala za Norberto ikuyaka. Munthu wina akanaizimitsa n'kuitaya pawindo. Koma anthu amene anaphunzirira fodya kumsasa, kumene ndudu imodzi inkadulidwa ndi lezala kuti ikwane anayi, sataya ndudu yathunthu. Dzanja limakana lokha. Norberto anayesa kuizimitsa kuti aiyatsenso mawa, Rachide n'kudandaula kuti yogonera imawawa. Ndiye Norberto ankaimaliza, ataimirira pawindo, atafulatira bedi.

Ketulo inayamba kukoma ngati madzi ofunda. Lamulungu limenelo anaisambitsa mosamala kuposa kale, thonje analisintha kawiri ngakhale loyambalo linakhala bwino. Palmira anadutsa pakhondepo ndi ndowa, n'kumuyang'ana, n'kupitirira. Norberto anali ndi mantha, ndipo mantha akewo anali opanda pogwira, chifukwa zonse zimene anakonzekera zaka zinayi zinali za tsiku limene makina adzafe. Za tsiku limene makina ali bwinobwino analibe chobisa m'sutukesi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Rachide anayankhula maso ali chitsinzinire.

"Achimwene, mukumeza."

"Sindikumeza."

"Ndikumva mmene mukupumira. Ndakhala nanu zaka zingati? Mawa musabwere."

"Ndiye akuyatsirani ndani?"

"Palibe. Ndasuta zokwana."

Norberto anavomera, ndipo mawa lake anabwera. Anadziuza kuti sangasiye mnzake pa nthawi ngati imeneyi, zomwe zinali zoona. Zinalinso zoona kuti kuyambira ku Meponda, chitunda chonse chija, ankangoganiza za paketi ya pansi pa pilo. Rachide atamuona pakhomo anapukusa mutu, koma ndudu itafika pamilomo sanaikane.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, Norberto ali pamsewu. Uthenga unamupeza pafoni akutsitsa madengu. Anasiyira shapa dalaivala mnzake n'kuthamangira kumeneko, chifukwa Asilamu sagoneka maliro. Anaimirira kumbuyo pamene anthu ankaswali, ndipo ponyamula jeneza anamupatsa mpata, nayenso n'kuikapo phewa. Pofika masana zonse zinali zitatha. Atabwerera kunyumba ya maliro kukatsanzika, Ancha anatuluka pakati pa azimayi n'kumuitanira pambali. Anamufumbatitsa kanthu kokulunga m'kansalu.

"Izi zichoke m'nyumba muno," anatero. "Ndinkadziwa. Sindikukuimbani mlandu."

Inali paketi ija. Munatsala ndudu zitatu.

Norberto sanadzere njira yachidule. Anazungulira cha kumitengo ya paini, kumene kulibe anthu ambiri omudziwa, n'kukhala pachitsa. Panjira anadutsa maenje awiri a zinyalala ndi ngalande imodzi, ndipo zonsezo anaziona. Anatulutsa ketulo kaye, kuti asadzanene kuti sanayese. Batire linali lodzaza, tanki yodzaza, thonje loyera. Anadina batani, nthunzi n'kutuluka yambiri, yofunda, yonunkhira mango. Panalibe chodandaula chilichonse. Anaipukuta ndi mpango n'kuibwezera m'thumba la m'kati.

Chisoni anali nacho, chachikulu, ndipo akanatha kuchinamizira. Koma anakhala pachitsapo nthawi yokwanira kuti adziwe kuti chimene chikumukokera ku paketi si chisoni. Machesi a Rachide anali m'kansalu momwemo. Mtengo woyamba unayaka bwinobwino.

Atafika ku Namacula dzuwa linali lisanalowe. Palmira anali atabwerako kale kumaliro, mpango ukadali kumutu, atakhala pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Norberto anaima patali pang'ono, mbali imene mphepo inkapita, n'kuyamba kufotokoza za anthu amene anabwera kumanda ndi zimene shehe ananena. Palmira anamusiya kuti amalize. Kenako anaika lichero pansi, n'kudzuka, n'kufika pafupi moti anatsala pang'ono kugunda jekete. Sanakweze mawu.

"Bambo a Suzete, a Rachide awaika masana. Imeneyi mwayatsira ndani?"

Norberto anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma chinatsogola ndi chifuwa. Palmira anaimirira pomwepo, manja ali m'mbali, kudikira kuti chithe.