Kuchokera pa Tawa Mpaka ku Numaish

Ndiye kuti loko wa pachipata agula ndithu, pakuti Mahnaz, mwana wa Dadrahim, sanena chinthu kawiri. Dzulo anamumva ndi makutu ake akuuza mwamuna wake kukhitchini, motsitsa mawu, kuti abambo asamatulukenso okha, ngati kuti kusochera kamodzi pochokera kogula buledi ndiko kutha kwa munthu. Dadrahim anaima pansi pa wotchi ya pa Tawa, dzuwa la Karachi likumuwotcha pakhosi, n'kuyang'ana msewu umene anaukwera ndi kuutsika zaka zisanu ndi zinayi ali kondakitala wa tramu, kasitima ka pamsewu kamene kanatha Mahnaz asanabadwe. Lero auyenda wapansi mpaka ku Numaish, kutchula malo aliwonse asanafikepo, ndipo akabwerera akawandandalika onse pamaso pa mkamwini, aone ngati wa misala amatero.

Boulton Market. Anatchula, msika n'kutulukiradi, ndi fungo lake la tsabola. Denso Hall, nayo inatulukira. Mtima unakhala pansi pang'ono, ngakhale kamawu kena kankamufunsabe kuti nanga dzulo lija bwanji, chipata chake chomwe anachidutsa kawiri osachizindikira — kutopa chabe, kapena mankhwala atsopanowa, kapena mkamwini amene akusirira chipinda cham'mwamba — ayi, kumeneko n'kumunamizira mwana wa eni, yemwe amamumeta ndevu Lachisanu lililonse osanyinyirika.

Rikisho, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, inaima pambali pake.

"Madala, kwerani. Dzuwa ili si lanu," anatero woyendetsa.

"Bunder Road ndinauyenda iwe usanabadwe."

"Bunder Road? Dzina limenelo linapita ndi agogo anga. Kwerani, mungatigwere pano."

Dadrahim anangomugwedezera dzanja n'kupitirira.

Atadutsa Light House, pamene amagulitsa makaunjika, m'mutu munati zii. Dzina lotsatira kunalibe. Analifuna kutsogolo, analifuna kumbuyo, anayambiranso pa Tawa kuwerenga pa zala, koma likafika pomwepo linkangosiya mpata ngati dzino lozuka, ndipo mabasi ankamuuzira utsi kumaso, thukuta likutsikira m'maso, manyazi akumukwera, poti mwina Mahnaz sananame, mwina amene wakhala akunama miyezi yonseyi ndi iyeyo. Sangafunse munthu. Njanji zili pansi pa phulali, anazikwirira osazizula, iye ankakhulupirira choncho. Anaponda pamene zinkadutsa, n'kukweza dzanja ngati wagwira chingwe cha belu.

"Eidgah! Otsika pa Eidgah!"

Linatuluka lokha pakamwa, ndi mawu a mnyamata wa zaka makumi awiri. Ogulitsa malaya anaseka. Iye sanasamale, ngakhale sanadziwe ngati dzina lobwera motero angaliwerengere kuti walikumbukira.

Pa galasi la sitolo ya nsapato m'pamene anaona mayi wa mpango wobiriwira, chapatali kumbuyo kwake, amene ankaima iye akaima. Mahnaz, ndiye kuti wakhala akumulondola chichokereni kunyumba, wamva ndi kukuwa kuja. Koma phewa lopendekera kumanzerelo linali la Gulbibi, mkazi wake, amene anamutsitsira m'manda ndi manja ake omwewa zaka zisanu zapitazo.

Kucheuka kukanathetsa nkhani. Sanacheuke. Anatchula Tibet Centre chamumtima n'kuponya phazi, ndipo pakati pa mahutala onsewo ankamva bwinobwino patapata wa munthu mmodzi akusunga mayendedwe ake.