Bokosi la Fietje

Frauke anakwera masitepe ndi ndodo zake ziwiri asanavule n'komwe jekete. Onno, mwamuna wake, ankabwera pambuyo atanyamula chikwama.

"Mayi, tiyambe tamwa tiyi. Ndagula keke ya maapozi. Njokayo sithawa."

"Milungu itatu ndamwa tiyi wa kuchipatala, ola limodzi silindipha. Ndiyambe ndaona mwana wanga."

"Akazi ena akatuluka m'chipatala amayamba kuona amuna awo."

"Amuna anga ndawaona kale. Anenepa."

Mwana ankanenayo anali Fietje, nsato yamtundu waung'ono imene Frauke anakhala nayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuyambira Onno asanabwere m'moyo wake. Madokotala atamuuza kuti amuika chitsulo m'chiuno, kenako akakhala kumalo ophunzirira kuyendanso, iye sanaope mpeni. Anaopa February wa m'tauni yawo ya Leer, mwezi umene mphepo yochokera kunyanja imalowa mpaka m'mafupa. Analemba pepala n'kulimata pabokosi lagalasi la Fietje: pansi pa nyale pazitentha madigiri 31, chinyezi chisatsike pa 60, kupopera madzi m'mawa uliwonse. Onno analumbira kuti zimenezo n'zazing'ono. Ndipo tsiku ndi tsiku ankatumiza chithunzi cha kachipangizo koyezera, manambala ali bwinobwino, Frauke n'kumaonetsa anzake a m'chipinda monyadira kuti amuna otere ndi osowa.

M'chipinda cha Fietje munali motentha kwambiri, chitsulo chotenthetsera chili pa nambala yomaliza. Galasi linali lonyowa ngati lapoperedwa posachedwa. Frauke anatsamira khoma, anatsegula bokosi n'kunyamula kachikuni kamene njokayo inkabisalamo.

Fietje sinadzipinde ngati mpira monga inkachitira. Inagona mowongoka, mutu uli m'mwamba, kukamwa kuli yasa pang'ono. Khungu lakale linali litakanirira thupi lonse zigambazigamba, lina litaphimba maso. Frauke atayandikitsa khutu anamva kaphokoso, ngati munthu akuimba mluzu chapansipansi. M'mbali mwa kamwa munali thovu.

"Yafundula liti?"

"Masiku apitawa. Njoka si mmene zimachitira?"

"Njoka yokhala pachinyezi imavula khungu lonse kamodzi ngati sokosi. Mwaona kangati zimenezo m'nyumba muno, bambo?"

Onno anaika chikwama pansi. "Manambala si awo? Werengani nokha."

Manambala analidi abwino. Koma kachipangizoko kanali ndi batani laling'ono kumbali, limene Onno sanalidziwe chifukwa sanafunsepo. Ukalidina kamakuuza pamene kuzizira kunafika. Frauke anadina. Madigiri 9. Anadinanso kuti aone chinyezi. 24.

Anatulutsa foni n'kutsegula chithunzi cha dzulo. Pambali pa bokosi pankaoneka botolo la maluwa ofiira amene iye anagula tsiku lonyamuka, ali chilili, okongola. Anakweza maso. Botolo linali pomwepo, koma maluwawo anali atauma, masamba atayoyokera pathabwa. Anabwerera chithunzi cha dzana, cha sabata yatha, cha sabata yoyamba. Maluwa omwewo, osafota ngakhale limodzi. Munthu anaima pamenepa tsiku limodzi, n'kujambula zithunzi makumi awiri ndi chimodzi, akusuntha pang'ono phazi kuti zisiyane.

Frauke anamva manyazi kuposa mkwiyo. Anakumbukira amayi aja a m'chipatala akupatsirana foni yake, wina akuti, "Tibwerekeni mwamunayo sabata imodzi."

"Nyale inapsa liti?"

"Ndaika ina m'mawa uno."

"Sindinafunse zimenezo."

"Sindikudziwa tsiku lake."

"Ngakhale nyale itapsa, m'nyumba mokhala anthu simufika madigiri 9. Inu amene mumavala masokosi awiri pabedi, munagona m'nyumba ya madigiri 9?"

Onno anayang'ana pazenera, kenako pansi.

"Fisi akagwa m'mbuna sayankhula," anatero Frauke. "Yankhulani, bambo. Miyendo yanga siyolimba, sindingaime pano mpaka madzulo."

"Ndinangotsitsa zotenthetsera, monga amachitira aliyense. Zenera ndinalisiya lopendekeka pang'ono kuti mphepo izilowa. Ndi chinyezi cha bokosi lanuli, nyumba yotsekedwa milungu itatu ikanachita chuku khoma lonse."

Ananena zimenezi ngati munthu woyembekeza kuyamikiridwa. Ndipo zinali zoona, kuno munthu sachoka panyumba osaganizira za chuku. Frauke anayang'ana khoma. Linali loyera bwino, lopanda kadontho.

"Khoma munalikumbukira."

"Ndinkabwera Lachitatu lililonse kudzatenga makalata. Ndinkasuzumira. Munanena nokha kuti njoka imatha mwezi osadya."

"Osadya. Sindinati osapuma. Munali kuti?"

"Kutauni ya Aurich."

"Kwa ndani?"

"Kwa Silke."

Frauke ankamudziwa Silke, mayi wa m'gulu la Onno loponya mpira pamsewu Loweruka, uja ankabweretsa soseji ndi kuseka nthabwala zonse za amuna a eni ake. Anadikira kuti mtima umupweteke chifukwa cha dzinalo, koma ululu unali utapita kale kwina. Fietje inakokanso mpweya, kamluzu kaja kanamveka m'chipinda chonse.

"Mukanandiuza kuti simungathe, ndikanapempha mwana wa mchemwali wanga. Mukanangonena kuti mwatopa nayo. Koma m'mawa uliwonse munkadzuka pabedi la mayi uja, n'kusankha chithunzi, n'kulemba kuti 'tonse tili bwino'."

"Sindinafune kuti muzidandaula muli m'chipatala."

"Zikomo kwambiri. Ndipatseni nsalu ya pilo."

"Frauke, ndi njoka chabe. Tikhale pansi tikambirane za ife."

"Nsalu ya pilo."

Anaika Fietje m'nsalumo pang'onopang'ono, anamanga kukamwa kwake, n'kuilowetsa mkati mwa jekete, pamimba. Kuzizira kwa njokayo kunadutsa malaya mpaka pakhungu. Kutsika masitepe kunamutengera nthawi yaitali, dzanja lina pandodo, lina pamimba. Onno ankayenda patsogolo chafutambuyo, manja ali okonzeka kumuwakha.

"Ndikuperekezeni pagalimoto."

"Ndaitana takisi."

Dokotala wa ziweto, mayi Remmers, anali ataiona Fietje kambirimbiri. Anaitsegula kukamwa ndi kamtengo, anamvetsera, ananyowetsa kansalu n'kuyamba kufewetsa khungu la m'maso.

"Ndi chibayo, ndipo chakhalitsa. Mayi Tjaden, zimenezi si zanu. Inu bokosi lanu ndimalitchula kwa anthu ena ngati chitsanzo."

"Ndinali m'chipatala."

Dokotala anayang'ana ndodo zija, kenako anapitiriza.

"Sindikulonjezani kuti ichira. Kutentha mukweze pang'ono, usana ndi usiku, chinyezi chisatsike. Ndipo ifunika jakisoni masiku atatu alionse kwa mwezi wathunthu. Kubwera nayo kuno m'mphepo muno n'kuipha, ndiye muziibaya kunyumba. Ntchito yake ndi ya anthu awiri, wina kugwira, wina kubaya. Alipo wokuthandizani?"

Frauke anayang'ana pawindo. Onno anali atawatsatira. Anaima pambali pa galimoto yake m'mvula yowaza, manja m'matumba, akuyang'ana chitseko cha chipatalacho. Zaka khumi ndi zinayi anakhala naye munthu ameneyu, ndipo akanamuitana akanabwera mothamanga.

"Ayi," anatero Frauke. "Ndimakhala ndekha. Ndionetseni mmene munthu mmodzi angachitire."

Dokotala anatenga thaulo, analipinda pawiri, n'kumuuza kuti akhale pampando aike njokayo pamiyendo.