Makandulo a Amalume

Ukwati utayandikira, mlangizi wa zankhalango anakana. Anati ukwati paphiri ndi wololedwa, koma makandulo ayi, kudula mitengo ayi.

A Ndinafikako anatuluka mu ofesimo akupukusa mutu. Dzinali analipata chifukwa munthu akangotchula dziko lililonse, iwo ankayankha kuti anafikako. Ndipo sankanama kwenikweni. Anayamba ngati wothandizira dalaivala wa lole, kugona pansi pa galimoto m'malire a mayiko, mpaka kudzakhala mwini wa sitolo ya zipangizo zomangira, yaikulu kuposa zonse mumsewu wawo. Munthu wotero n'kukanizidwa kandulo?

Mkwatibwi anali mwana wa mlongo wawo, namwino wofatsa amene bambo ake anamwalira iye ali pasukulu. Bambowo ndiwo anabzala mitengo ya paini pamwamba pa phirilo, ndipo mtsikanayo anapempha chinthu chimodzi chokha: kukwatiwa pansi pa mitengo ya bambo ake. Amalume anadziguguda pachifuwa. Analonjeza ukwati wooneka wakumudzi koma wapamwamba, monga anaonera kunja: makandulo m'mabotolo mbali zonse za njira, mitolo ya udzu wouma pamipando, ndi chipata cha mitengo yaiwisi ya makungwa ake.

Atafotokoza kunyumba za kukanizidwako, mlongo wawo anati angochitira muholo ngati anthu ena onse.

"Palibe kanthu, amalume. Holo ndi yabwinonso," anatero mtsikanayo, n'kupita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Zimenezo zinawalasa mtima. M'mawa mwake anavala suti ndi chipewa chawo chodula, n'kubwerera ku ofesi kukamuuza mlangizi uja za maukwati a m'mapiri a kutali. Mayi mlangiziyo anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anawapempha kuti akwere naye phirilo madzulo, nthawi yomwe phwando lidzachitike, ndipo atenge kandulo yawoyo.

Anafika pamwamba amalume ali wefuwefu, akunena kuti poyerekeza ndi mapiri amene iwo anakwerapo, aka n'kachulu chabe. Mlangizi anawaimika pathanthwe loyera, botolo la madzi lili m'manja, n'kuwauza kuti ayatse. Anakhwatcha machesi, moto unazima. Anatembenuka kubisa mphepo, unazimanso. Ali pakalikiliki choncho, mphepo inanyamula chipewa chija n'kuchigubuduza mpaka m'udzu, kutsetsereko.

"Bambo, chipewa chanu chafika kumene inu simunafike," anatero mlangizi akuseka. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga likanakhala botolo la kandulo yoyaka?"

A Ndinafikako anayang'ana. Udzu unali wouma, wolekeza m'chiuno, ndipo unakathera m'tsinde mwa mitengo ya mlamu wawo. Pansi pa mitengoyo masamba ouma anali atayalana ngati mphasa. Chakumunsi kunkaoneka paipi yochokera pakasupe, yopita ku nyumba za anthu. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire linali ponseponse.

Mlangizi sanawasiye ndi manyazi. Anawaonetsa mtengo waukulu umene unagwa ndi mphepo, n'kunena kuti atha kuwapatsa chilolezo choucheka kukhala mipando. Nthambi zake zouma zikanakhala chipata. Zipatso zouma za paini zinali mbwee pansi, zongotola n'kuika m'madengu. Maluwa anati abwere ndi a m'miphika ya kunyumba, a m'phiri awasiye, ndipo pamatebulo ayale ziguduli zochapa bwino. Anawapempha kuti alambule udzu kuzungulira malowo, chakudya aphikire kumunsi, wosuta fodya akasutire kwawo, ndipo chinyalala chilichonse chitsike ndi eni ake.

"Nanga kuwala?" anafunsa amalume.

"Kodi m'sitolo mwanu mulibe tinyale ta sola?"

Tinalimo, makatoni athunthu, tongodya fumbi pashelefu. Pofika kunyumba, a Ndinafikako anali akuuza aliyense kuti makandulo ndi achikale, anthu oyenda amaika tinyale ta sola m'mabotolo. Mlongo wawo anangomwetulira, osawafunsa kuti nzeruyo aitola kuti.

Tsiku la ukwati, phiri linakongola mosachita kufunsa. Alendo anakhala pazitsa zosalala, zonunkhira utomoni. Mkwatibwi analowa pachipata cha nthambi zouma chokulungidwa maluwa a m'munda wa mayi ake. Dzuwa litapendeka, tinyale tinayamba kuwala m'mabotolo olendewera panthambi.

Ndiye mphepo ija inabwera. Botolo limodzi linaduka chingwe, linagubuduzika kudutsa polambula paja, n'kukaima pakati pa udzu wouma. Maso a anthu onse analitsatira. Kanyaleko kanapitiriza kuwala m'udzumo, osapsereza ngakhale tsamba limodzi.

A Ndinafikako anapita okha kukalitola. Analipukuta ndi mpango wa m'thumba la suti, n'kulipachika pamtengo waukulu wa mlamu wawo. Mkwatibwi anawagwira dzanja, misozi ili m'maso.

"Amalume, kumene munayenda kuja, ukwati wotere munauonako?"

Iwo anayang'ana mitengo ija, yonse ili chiimire.

"Kuno kokha, mwanawe, ndinali ndisanafikeko. Ndafika lero."

M'mawa mwake banja lonse linakwera ndi matumba kukatola zotsalira. Mlangizi atadzayendera malowo, anapeza zitsa zokha, ndipo anapempha kuti zikhale pomwepo, akwati ena adzakhalire.

Mukafuna ukwati wa kuphiri, yambani mwafunsa a zankhalango. Kongoletsani ndi zimene phiri lagwetsa lokha, musayatse moto pafupi ndi udzu wouma, ndipo potsika musasiye chinyalala. Ukwati ndi wa tsiku limodzi, koma phiri ndi la ana a akwatiwo.