Mwala Umene Unaboola Denga ku Mufakose

Mwala wakuda utaboola denga la Bambo Yoramu ku Mufakose masanasana, anthu anati ndi ufiti wa Mayi Effie, oyandikana nawo amene ankakangana nawo za malire. Khamu linasonkhana kunyumba kwa mayiwo, ena atanyamula zidutswa za njerwa.

Nyarai, mwana wa Bambo Yoramu amene amayeza miyala ya m'migodi, anautembenuza mwalawo n'kukaima pageti pa Mayi Effie.

"Bambo, uwu wachokera mumlengalenga, ndipo ndi wakale kuposa dziko lino. Ina yotere imakhala ndi timibulu tosowa ta chitsulo chotchedwa titaniyamu. Ndiloleni ndikauyeze."

"Nanga ukapeza kuti si choncho?" anafunsa bambo ake.

"Mudzagende ineyo."

Bambo Yoramu anamuyang'anitsitsa, kenaka anauza anthuwo kuti azipita. Mayi Effie sanatsegule chitseko mpaka mawa lake.