Thewera la a Lameki Pamwamba pa Gudumu

A Lameki anali ndi golosale pa Lisungwi, pafupi ndi poimira maminibasi. Anali bambo wathupi, waimvi kale, ndipo anthu ankawadziwa ndi kuseka. Akayamba, mimba inkagwedezeka mpaka sikelo ya mchere kumanjenjemera pa kauntala.

Koma chichitidwireni opaleshoni ya chikhodzodzo, kuseka kuja kunasanduka mdani. Akaseka, mkodzo unkatuluka wokha. Akatsokomola, chimodzimodzi. Kuyetsemula ndiye osanena. Kuchipatala anawauza kuti zimachitikira abambo ambiri a msinkhu wawo, koma iwo anachita manyazi. Kutchalitchi anasiya, ndipo pamaliro ankakhala kumapeto, pafupi ndi tchire.

Akazi awo, a Stelia, sanali munthu wogwira tsaya n'kumadandaula. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinali chitangodutsa, ndipo m'nyumba munali mulu wa nsalu zogawidwa pamisonkhano, poti a Stelia ankavinira chipani chilichonse chobwera ndi nsalu. Anazidula, n'kuikamo thonje la m'munda mwawo, kunsi n'kuyala pulasitiki ya mapaketi a shuga, n'kusoka pamakina.

"Mayi a Constance," anatero a Lameki atachiona chinthucho, "mwana wathu ali pabanja, ine ndiye ndiyambirenso thewera?"

"Tavalani, bambo. Ndani akusecheni?"

Anavala, ndipo zinathandiza. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse a Stelia ankafunsa, "Lero muvala chipani chiti?" A Lameki n'kumayankha, "Cholamula chipumeko, chatopa dzulo. Ndipatseni chotsutsa."

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa la pa Lisungwi litafika poswa mtengo, kunabwera Kalisto, wowotcherera zitsulo yemwe anakhalitsa ku Joni. Anaimika pabwalo la mpira gudumu lalikulu la mapaipi, lotalika ngati mtengo wa mango, lokhala ndi mipando ya basi yakale yolendewera. Linkazungulira ndi injini ya chigayo. Anthu anatsika kumapiri kudzaliona, ena kuchokera ku Dambe.

A Lameki anati akwera.

"Chabwino," anatero a Stelia. "Koma tiyi lero ayi. Thobwa ayi. Buluku lakuda. Musanakwere, mudutse kaye kuchimbudzi. Zikavuta, muvule chipewa, ine ndidziwa. Ndipo musakhale mpando umodzi ndi a Gerishon."

A Gerishon anali mnzawo wa a Lameki kuyambira ali anyamata, wokonza njinga, wowonda ngati sipoko, munthu amene ngakhale moni wake unkaseketsa. Za vuto la mnzawo sankadziwa.

Loweruka masana anafika pabwalo, a Stelia atanyamula chikwama cha matewera osinthira, lililonse lokulunga mu nsalu yotsala ya chipani chake. Atangotembenuka kuti apatse moni amayi anzawo a mvano, a Gerishon anatulukira ndi makapu awiri a thobwa.

"Achimwene, kutentha konseku mufuna muume ngati usipa? Imwani."

A Lameki anayang'ana nsana wa akazi awo, n'kumwa kapu yonse mopuma kamodzi. Thobwalo linali lozizira bwino. Anawonjezera ina. Pamene a Stelia ankacheuka, anthu awiriwo anali atakhala kale mpando umodzi, Kalisto akuwatsekera ndi tcheni cha ngolo.

Injini inatsokomola utsi wakuda, gudumu linayamba. A Lameki anaona madenga a malata akutsika pansi pawo, mtsinje ukunyezimira, minda ya thonje, mapiri a ku Neno Boma ali mbuu. Anakondwa ngati mwana. Gudumu linazungulira kangapo, kenako panamveka "phwa!" Lamba wa injini anaduka, n'kuuluka kukagwera m'dengu la mayi wogulitsa zitumbuwa. Gudumu linaima. A Lameki ndi a Gerishon anali pamwamba penipeni.

"Musade nkhawa, mabwana!" anakuwa Kalisto. "Ndikukabwereka lamba kuchigayo!" Anakwera njinga, ulendo.

A Gerishon anasuzumira pansi. "Achimwene, taonani dazi la akulu a mpingo. Kuliona kuchokera kuno, lili ngati mbale yosatsuka bwino. Ntchentche ija yatereka kawiri."

A Lameki analuma mlomo, koma mimba inawapandukira. Anaseka, ndipo pomwepo anamva kutentha kumene ankakudziwa bwino. Thobwa linali litafika.

"A Gerishon, chonde, musandiseketse."

"Bwanji?"

Anazengereza, kenako anangonena zonse: za opaleshoni, za thonje, za thewera. Nkhope ya a Gerishon inagwa.

"Ndiye chifukwa chake munasiya kubwera ku bawo? Ine ndimati ndinakulakwirani. Pepani, achimwene. Basi, tikambe zachisoni. Tikambe za maliro." Anavula nkhope yonse ya nthabwala. "Mukukumbukira maliro a malume anga? Munthu wabwino uja. Wamtali. Bokosi lija kufupika, akalipentala n'kunena kuti tiwavule nsapato mwina akwana..."

"A Gerishon!"

"Ndikulira ine! Titawavula nsapato, chala chija n'kutulukira pa bowo la sokosi, ngati chikuloza amene sanasonkhe..."

A Lameki anaseka mpaka misozi, mpando kumagwedera uku ndi uku. Thonje lili ndi malire ake. Atayang'ana pansi, anaona kuti kunsi kwawo kwenikweni kwaima akulu a mpingo aja, dazi lili poyera. Anavula chipewa n'kuchikupiza ngati munthu woimitsa basi.

A Stelia anaona. Sanafunse munthu. Anapita pa chisakasa cha ogulitsa nzimbe, anasolola nsungwi ziwiri zazitali, anazilumikiza ndi mphira wa njinga, n'kumangirira phukusi kunsonga. Amayi awiri a mvano anawathandiza kuimika, akuganiza kuti ndi chakudya.

Phukusi linakwera mopendapenda. A Gerishon anatambasula mkono n'kusolola thewera, koma nsalu yokulungira inatsalira pa nsungwi. Mphepo inaitambasula, n'kuyamba kupepeluka pamwamba pa bwalo lonse ngati mbendera.

Otsatira chipani cha nsaluyo anaiona. Nthungululu zinalira. Wina anayambitsa nyimbo ya pamsonkhano, ndipo amayi anayamba kuvina mozungulira gudumu. Otsatira zipani zina anakwiya.

"Kodi gudumuli ndi la chipani? Ife takwera ndi ndalama zathu!"

"Tsitsani imeneyo!"

Wogulitsa nzimbe anali atagwira kale nzimbe ngati chibonga. A Stelia anaona kuti pagwa nkhondo. Anatsitsa nsungwi msangamsanga, anakutumula matewera ena m'chikwama momwemo, n'kumangirira nsalu za zipani zonse, n'kuimikanso. Bwalo lonse linaphulika ndi chimwemwe. Aliyense ankaimba yake.

Vuto linali lakuti tsopano maso onse anali kumwamba.

"Ndisintha bwanji anthu onsewa akundiyang'ana?" ananong'ona a Lameki.

"Siyirani ine." A Gerishon anavula jekete n'kulikoleka pa tcheni ngati katani. Kenako anaimirira, dzanja limodzi litagwira paipi, n'kukuwa, "Amayi ndi abambo! Zinthu zasintha, ndipo pano zikusinthabe!"

"Zoona!" linayankha khamu.

"Chakale chagwira ntchito yake! Tisachinyoze! Chasunga zambiri! Koma chikadzaza, chichoke!"

"Chichoke!"

Kuseri kwa jekete, a Lameki ankalimbana ndi lamba wa buluku, mpando ukuyenda ngati bwato. Pini imodzi inawabaya pantchafu, n'kukuwa, "Mayo!"

"Mwamva kulira kwa anthu?" anatero a Gerishon. "Kusintha kumapweteka!"

Anthu anaomba m'manja. A Gerishon analonjeza mlatho, zitsime, ndi mthunzi waulere kwa aliyense, akufunsa chapansipansi, "Mwatha?" A Lameki anamanga thewera lonyowa mu jumbo imene inabwera ndi thewera louma, anakweza buluku, n'kupuma mozama. Anali ouma, ndipo dazi la akulu a mpingo linali litapulumuka.

Kalisto anafika ndi lamba, thukuta lili kamukamu, ndipo posakhalitsa gudumu linawatsitsa. Anyamata anathamangira a Gerishon n'kuwanyamula pamapewa, akuti aimire ukhansala. Ena anafuna kunyamulanso a Lameki.

"Ine ayi! Musandigwedeze! Ndine wa kumbuyo chabe!"

A Stelia analandira jumbo ija n'kuiponya m'chikwama. Anawanunkhiza amuna awo pakamwa.

"Thobwa."

"Kapu imodzi."

"Bodza."

"Ndi inzake."

Asanawakalipire, mayi wina wachikulire wa ku Dambe anawakoka a Stelia pa chitenje n'kupita nawo pambali. "Pepani, amayi. Ndinasuzumira m'chikwama mwanu muja. Amuna anga chaka chino sanatuluke pakhomo, vuto lake lomweli. Kodi mumasoka bwanji?"

A Stelia anatulutsa limodzi louma n'kumupatsa. "Tengani mukaonere. Pulasitiki ikhale kunja, thonje musaumire. Ndipo muziwasambitsa bwino, asatupe zilonda. Kuchipatala apitenso, asangokhala."

Atabwerera anapeza a Lameki ataima pamzere wa gudumu kachiwiri.

"Bambo, mwapenga?"

"Mapiri sindinawaone bwino. A Gerishon anandisokoneza. Tiyeni tikwere awiri, inu simuseketsa."

A Stelia anamanga chitenje mwamphamvu, n'kukhala pampando chikwama chili pamiyendo. Gudumu litangonyamuka, anatseka maso, anagwira mkono wa amuna awo ngati akufinya nsalu, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. A Lameki ankawalozera mtsinje, ankawalozera denga la golosale, koma iwo sanatsegule diso ngakhale limodzi mpaka mapazi awo atagundanso dothi.