Phazi la Mirto

Kapepalako ndikadali nako. Ndi kachidutswa ka bokosi la makaroni. Zinovia anaimikapo mwana wake, n'kuzunguliza phazi ndi bolopeni, n'kudula ndi sizasi. Kumbuyo kwake analemba nambala ya nsapato, 27.

Anandipatsa pamsika wa Loweruka ku Keratsini kuno, kutatsala sabata ziwiri kuti Pasaka wa 2012 afike, titaima pa benchi ya malalanje.

"A nuna, nali phazi la mwana wanu. Likukula ngati la bambo ake. Chaka chamawa tidzangomugulira mabwato awiri."

"Uzimumana chakudya pang'ono," ndinatero, ndikuika kapepalako m'chikwama. Tinaseka.

Zinovia ndi mnzanga wa pa benchi imodzi kusukulu. Ine ndinasiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, iye anamaliza, koma sanasiye kubwera kwathu. Atabereka Mirto anali ndi azisuweni a ndalama, wina dokotala wa mano, amene ankayembekezera kuti ndiwo adzanyamule mwana pa ubatizo. Iye anasankha ine. Ndiye kuti ndinakhala nuna wa Mirto, mayi wake wa ubatizo, ndipo chimenecho sichitha mpaka kumanda.

Nuna ndiye amagula zonse: mtanda wagolide, zovala, mafuta, sopo, matawulo, makandulo. Zinakwana mayuro 1,900. Nthawi imeneyo amuna anga, a Vangelis, ankawotcherera zitsulo za sitima padoko la ku Perama, ntchito yosatha, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. A banki ankachita kutiimbira okha kutinyengerera kuti titenge khadi la ngongole. Ndinalitenga, ndinalipereka kwa wogulitsa mtanda, ndipo mtima sunagunde n'komwe. Masamu ndimawadziwa. Munthu wosiya sukulu amawerenga ndalama kuposa aphunzitsi. Ndinawerengera kuti pakatha chaka ndidzakhala nditamaliza.

Chimene sindinawerengere n'chakuti sitima zidzasiya kubwera. A Vangelis anayamba kugwira masiku atatu pa sabata, kenaka atatu pa mwezi, kenaka kumangopita kukaima pa geti la padoko kudikira ganyu. Khadi lija linayamba kugula mkaka wa mwana wathu Froso, mankhwala, mafuta otenthetsera m'nyumba. Mwezi uliwonse ndinkalipira kochepa kamene amalemba pansi pa kalata, n'kumadzitama kuti sindinaphonyepo. Kumwamba nambala ikungokwera. Ndinatenga khadi lachiwiri loti lizilipira loyamba. Ine ndemwe, wodziwa masamu.

Pasaka aliyense nuna amapititsa kwa mwana wake kandulo yokongoletsa ndi nsapato zatsopano. Amapita yekha, Lachinayi Loyera lisanadutse, mwana amamupsompsona dzanja, makolo amamupatsa buledi wa Pasaka ndi mazira ofiira. Zaka zitatu ndinachita zimenezo osaphonya.

Lolemba la Sabata Yoyera ndinalowa m'sitolo ya nsapato pafupi ndi bwalo la m'tauni. Ndinasankha zofiira zomanga ndi kalamba, mayuro 38. Ndinalowetsamo kaphazi ka pepala kaja, kanakwana bwino, kutsogolo kutatsala malo a chala chimodzi. Kandulo ya kachidole, 12. Mtsikana wogulitsa analowetsa khadi m'kamakina, n'kudikira, n'kuyang'ana kudenga.

"Lakana, mayi."

"Yesaninso. Timakina tanuti timavuta."

Anayesanso. Ndinatulutsa lachiwiri. Nalo linakana. Mayi wina kumbuyo kwanga anayamba kuyang'anitsitsa nsapato za amuna ngati ali nazo ntchito.

M'thumba la jekete ndinali ndi pepala limodzi la mayuro 50, malipiro a masitepe a nyumba ziwiri zimene ndimakolopa. Linali la magetsi. Kalata yoti adzadula inali itakhala pa filiji sabata yathunthu. Ndinaligwira pepalalo m'thumba momwemo, ndinaliona ndi zala, ndipo sindinalitulutse. Ndinasolola kaphazi m'nsapato, ndinati ndibweranso, ndinapita kukalipira magetsi.

Pamenepo sindidziimba mlandu. Lero lomwe ndikhoza kuchitanso chimodzimodzi. Mwana sangagone mumdima chifukwa cha nsapato za mnzake. Chimene chimandidya ndi chimene ndinachita pambuyo pake.

"Ungopita ukamuuze," anatero a Vangelis madzulo ake, akusenda mbatata. "Ndani ku Keratsini kuno ali ndi kanthu? Ngakhale wansembe akuyenda ndi nsapato zong'ambika."

"Nuna sapita chimanjamanja."

"Gula kandulo ya yuro imodzi kutchalitchi, umangepo kansalu. Mwana wa zaka zinayi akudziwa mitengo?"

"Kuti dokotala wa mano uja adzaone? Adzati tinanena ife, anasankha wokolopa masitepe."

"Ndiye ukuopa wozula mano. Ine ndimamuopanso, koma ndikakhala pampando wake basi."

"Bambo a Froso, sendani mbatata. Za ununa zisiyeni."

Anakweza mapewa, n'kupitiriza kusenda.

Lachinayi m'mawa Zinovia anaimba. Ndinali nditakonza kale bodza.

"Froso ali ndi katsabola. Thupi lonse. Sitingabwere."

"Mayo, mwana wanga. Ndiye bwera wekha, mphindi zisanu zokha."

"Ndingakupatsireni."

"Mirto anadwala kale chaka chatha, waiwala? Tamvera, Argiro. Usavutike ndi kunyamula kanthu. Ungobwera iweyo. Ndili ndi nkhani, si ya pafoni."

Mawu akuti usavutike ndi kanthu anandibaya ngati singano. Ndinaganiza kuti wina anamuuza za m'sitolo muja.

"Pasaka akadutsa," ndinatero. "Mwana akulira, ndidzakuimbira."

Masiku amenewo anthu otolera ngongole za banki anali atayamba kundiimbira katatu, kanayi pa tsiku, nambala zosiyanasiyana, mawu aulemu koma osatopa. Ndinazimitsa foni n'kuiponya m'dilowa ya masipuni. Ndinadziuza kuti ndikuthawa a banki. Froso ndinamutsekera m'nyumba masiku khumi, mwana wabwinobwino, kuti bodza langa lisakumane ndi munthu pamsewu. Msika wa Loweruka ndinausiya, ndinayamba kukagula kwina, kokwera basi.

Ndinali ndi pulani, ndipo inali yabwino. Yuro iliyonse yotsala ndinkaiponya m'botolo la jamu. Ndinapeza masitepe ena a nyumba yachitatu. Ndinati ndikakwanitsa ndidzapita ndi nsapato m'manja, zogula ndi ndalama zanga zenizeni, ndidzapepesa za kuchedwa, tidzaseka. Zinanditengera sabata zisanu ndi imodzi. Kumapeto kwa Meyi ndinawerengera mtsikana uja mayuro 38 a makobili okhaokha pa kauntala, n'kukwera phiri kupita kwa Zinovia, bokosi kukhwapa.

Amene anatsegula chitseko ndi amayi ake, Mayi Katina. Anayang'ana ine, anayang'ana bokosi.

"Katsabola watha?"

"Watha, amayi. Zinovia alipo?"

"Lowa."

M'chipinda chochezera munalibe njinga ya Mirto, munalibe zidole. Pakhoma panali misomali yopanda zithunzi.

"Apita ku Jeremani," anatero. "Lero ndi sabata yachitatu. Mwamuna wake anapeza ntchito ya mufakitale kwa mchimwene wake. Zinovia anakuimbira mpaka foni kutentha. Kawiri anabwera kudzagogoda kwanu, anapeza kotseka."

Ulendo umodzi ndinalimo. Ndinamva kugogoda, ndinaganiza kuti ndi a ngongole, ndinamugwira Froso pakamwa.

"Khala pansi, mwana wanga, usandigwere pano." Anandithirira madzi. "Ukudziwa chimene anachita mnzako? Kandulo anagula yekha. Nsapato anapempha za mwana wa oyandikana nawo, anazipukuta, anaziika m'bokosi. Zonse anabisa kuseri kwa mita ya madzi pansi pa masitepe paja, kuti iwe ukamakwera ungotola n'kulowa nazo. Ankadziwa kuti ulibe. Tonse tinkadziwa. A Vangelis ako timawaona pa geti."

Ndinamwa madzi aja, iwo anapitiriza.

"Mwana anakhala pawindo tsiku lonse la Lachinayi. Nuna akubwera, nuna akubwera. Madzulo ndinatsika ndine kukazitenga, ndinamuuza kuti nuna watumiza. Buledi wako anakhala pa tebulo apo mpaka anauma ngati njerwa. Ndinanyika m'khofi, ndinadya ndekha. Sinditaya chakudya ine."

Ndinatsegula bokosi kuti aone, sindikudziwa chifukwa chake. Anatola nsapato imodzi, anaitembenuza kuona nambala.

"Zabwino. Koma wavala kale 28."

Anandilembera nambala ya foni kumbuyo kwa kaphazi komweko, chifukwa ndi pepala lokhalo limene ndinali nalo. Ndinaimba sabata yomweyo. Zinovia sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anafunsa za Froso, anati kumeneko kukuzizira ngakhale mu Juni, anati ntchito akusaka. Ndinayamba kufotokoza za makhadi, za magetsi.

"Ndikudziwa," anatero. "Ine sindinakusankhe chifukwa cha nsapato, Argiro."

Kenaka anati mayunitsi anga asathe. Timaimbirana Khirisimasi ndi Pasaka, mphindi zitatu, ngati anthu amene anakumanapo pa ukwati wa winawake.

Nsapato zija anavala Froso, zinamukwana miyezi inayi. Khadi loyamba a banki analisandutsa ngongole ya zaka zisanu ndi ziwiri, mayuro 61 pa mwezi, ndipo sindinaphonyepo. M'kati mwa ndalama imeneyo muli mtanda umene uli pakhosi pa Mirto.

Pasaka wapitayu ndinatumiza kandulo pa positi, nditaikulunga m'matawulo awiri kuti isathyoke. Nditaimba kufunsa ngati yafika, ndinamva Zinovia akuitana kutali ndi foni.

"Mirto, bwera udzathokoze nuna."

Kenaka kamawu ka Mirto, kuchokera m'chipinda china, kanafunsa kuti, "Ndi ndani ameneyo?"