Kampeni ya M'nsapato za Masisitere

Bambo anga ndi wosoka nsapato, koma mukawafunsa ntchito yawo amati ndi wandale amene akupuma kaye. Anaimapo katatu pa ukhansala ndipo katatu konse anagwa chagada. Ulendo womaliza mavoti awo anachepa moti kunyumba tinayamba kuyang'anana, chifukwa zinaonekeratu kuti wina mwa ife anawathawa.

Chimene chinkawatonthoza mtima chinali mlongo wawo wamkulu, azakhali anga. Iwowa ndi sisitere, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri anali Amayi Akulu, mtsogoleri wa gulu lonse la masisitere awo. Bambo sankaziona ngati za tchalitchi zimenezi. Kwa iwo linali boma lenileni, la nyumba khumi ndi zisanu ndi zitatu, masukulu, chipatala, galimoto ya dalaivala, ndi nzika mazana awiri zimene sizichita zionetsero.

“Ndiuzeni nduna imene ingasamutse munthu Lolemba, Lachitatu n'kumupeza wafika kale ndi sutikesi yake,” ankatero kwa makasitomala, msomali uli pakamwa. “Mlongo wanga amatero ndi kalata imodzi. Sisitere wa pachipata ndiye nduna ya chitetezo. Ambuye bishopu ndi dziko loyandikana nalo, lamphamvu, lofunika kulisekerera.”

Boma limeneli linkawakumbukiranso. Nsapato zonse za masisitere zinkabwera kwa iwo, ndipo kutchalitchi benchi yachiwiri inali yawo popanda wowapatsa.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu yotayipa ndi kusindikiza makalata. Ndikaweruka ndimasamalira agogo, mayi wa bambo ndi azakhali, amene amagona m'chipinda chakumbuyo. Maso awo anasiya kuona, mtima nawo unatopa, ndipo adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti tiziwerenga miyezi, osati zaka. Pakamwa pokha ndi pamene matenda sanafike. Phala langa linali lamadzi, tiyi wanga wozizira, ndipo pokanda msana ndinkakanda ngati ndikuopa. Ndimawakonda agogo, koma masiku ena ndinkatuluka m'chipindamo ndikukukuta mano.

Lamlungu lina azakhali anabwera. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nagwira dzanja la agogo.

“Amayi, kwatsala miyezi iwiri. Chisankho chikachitika ndikutsika pampando, ndipo ndidzapempha wondilowa m'malo andilole ndidzakhale nanu kuno.”

“Unanenanso choncho zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo,” anatero agogo.

“Nthawi imene ija anandisankhanso.”

“Ndiye ukawauze anzakowo kuti ine sindifika pa chisankho china.”

Azakhali anaweramitsa mutu. Bambo, amene ankamvetsera ali pakhonde, anawadikira atuluke.

“Achemwali, ndamva kuti mukutsika. Wakugwetsani ndani?”

“Malamulo athu, achimwene. Munthu amalamulira kawiri basi.”

“Malamulo amenewo alibe khomo lakumbuyo?”

Azakhali sadziwa kunama, ndipo apa ndi pamene analakwitsa. “Lilipo, koma ndi lopapatiza. Kachitatu pamafunika magawo awiri mwa atatu a nthumwi, kenako akuluakulu a Mpingo avomereze. Koma musayambe kuwala maso. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndiponso kwathu kulibe kampeni, sisitere wopezeka akudzipemphera voti wadzichotsa yekha.”

Galimoto itangokhota pakona, bambo ananditembenukira. “Wamva? Akuti sisitere. Wosoka nsapato sanamutchule.”

M'mawa mwake anandipeza kuntchito ndi kapepala kolembedwa pamanja. Ankafuna timapepala makumi anayi, kamodzi pa nthumwi iliyonse. Mawu ake anali akuti: “Nsapato yozolowera phazi sibweretsa matuza. Ganizani bwino, asisitere.”

“Dzina mulibe?” ndinafunsa.

“Andale enieni timalankhula m'miyambi, mwana wanga.”

“Bambo, azakhali akufuna kubwera kwa agogo. Munamva nokha.”

“Amayi ndi olimba, atiika m'manda tonsefe. Sindikiza.”

Ndinakana kawiri, kachitatu ndinasindikiza, ndipo ndiulule chifukwa chake. Ndinaganiza kuti ngati pali njira yotsimikiza kuti azakhali aluze, ndi kuwapatsa bambo kampeniyo. Ndinawasankhira ngakhale zilembo zokongola.

Chisankho chitayandikira, nthumwi zinayamba kufika kunyumba yaikulu ya masisitere kuchokera uku ndi uku, ndipo monga mwa nthawi zonse nsapato zawo zinabwera kwa bambo m'thumba limodzi. Ankasoka, kupinda kapepala kanayi, n'kukakankhira m'nsapato kuzala ndi chogwirira cha nyundo. Sabata imeneyo anapaka polishi ngakhale nsapato za pulasitiki.

Patapita masiku atatu ndinadzera pa benchi yawo yogwirira ntchito, ndipo ndinapeza sisitere wa pachipata ataima pamenepo. Ndi mayi wamfupi wokalamba, wa makiyi ambiri kuposa mano. Anayala timapepala tisanu pakati pa misomali ndi guluu.

“Bambo, ndayenda Njira ya Mtanda yonse kanthu kakundibaya chala. Ndimayesa ndi Ambuye akundiyesa, osadziwa kuti ndinu.”

“Mwina ndi mphepo inalowetsa, asisitere.”

“Mphepo yodziwa kupinda kanayi?”

Bambo anayamba kufunafuna nyundo imene inali m'manja mwawo. Ine ndinaperekeza sisitereyo mpaka pamsewu, ndikuseka chamumtima kuti zanga zayenda. Koma iye anaima, nandigwira mkono.

“Usaseke, mwanangu. Bambo akowa anena mokweza zimene ambiri amaganiza chamumtima. Ena sankadziwa n'komwe kuti kachitatu n'kotheka. Pano buku la malamulo likuyenda m'zipinda, aliyense akufuna tsamba lomwelo.”

“Koma akawasankha angathe kukana, eti?”

“Angathe. Koma ife timaphunzitsidwa kuti mawu a msonkhano ndi mawu a Mulungu. Azakhali ako akhala akuuza ena zimenezo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ena mwa iwo anasiya amayi awo akudwala n'kupita kumene anatumidwa. Lero akakane ndi pakamwa pomwepo?”

Ndinabwerera kunyumba. Madzulo amenewo agogo anati phala lasowa mchere, ndipo sindinatsutse.

Chisankho cha masisitere sichili ngati chathu. Amatsekeredwa masiku atatu osalankhulana, mafoni onse m'dengu, kenako amalemba dzina pakapepala ambuye bishopu akuona. Wosankhidwayo akavomera, belu limalira. Bambo anati ndondomeko yake ndi yabwino, kungoti ikusowa oyang'anira a zipani. Tsiku lovota anatseka benchi yawo, navala jekete ya kampeni yawo yomaliza, n'kukaima pachipata kuyambira m'mawa.

Ine ndinapita nthawi ya nkhomaliro, nditakwiya nawo, nditadzikwiyiranso ndekha. Belu linali lisanalire. Tili chiimire, sisitere wa pachipata anatsegula kachitseko kakang'ono natilowetsa m'chipinda cha alendo, cha mipando youma ndi maluwa a pulasitiki.

“Amayi Akulu apeza mavoti makumi atatu ndi imodzi mwa makumi anayi,” ananong'ona. “Simunamve kwa ine.”

Bambo anadzuka, namanga batani la jekete, nalimasulanso. “Mwana wanga, wamva? Ulendo woyamba womwe! Ndinkadziwa ine kuti vuto silinali kampeni, linali ovota.”

“Nanga belu?” ndinafunsa.

“Apempha ola limodzi asanayankhe,” anatero sisitereyo, natuluka.

Azakhali analowa osafulumira. Sindinawaonepo atatopa chotero. M'manja anali ndi kapepala kamodzi mwa tija ndinasindikiza, ndipo anakaika patebulo osandiyang'ana. Ndikanakonda akanandikalipira.

“Mwapambana, achimwene,” anatero.

“Tapambana, achemwali. Anthu alankhula. Mutu waukulu sulewa nkhonya.”

“Khalani pansi. Amayi adya chiyani lero?”

Bambo anandiyang'ana.

“Ndafunsa inu, osati mwanayu. Dzulo anagona bwanji? Miyendo yatupanso?”

“Ali bwino,” anatero bambo chapansipansi.

“Munalowa liti komaliza m'chipinda mwawo?”

Apa ndi pamene nanenso ndinayamba kuwerenga. Bambo ankafunsa za agogo tsiku lililonse, ankagula mankhwala, ankapereka moni ali pakhomo. Koma kulowa, kukhala pansi, kuwagwira dzanja? Chinenereni adokotala mawu aja, sindinawaonepo atadutsa chitseko chimene chija. Ndinali wotanganidwa ndi mabeseni moti sindinazindikire.

Bambo anatola kapepala kaja, nakapinda, nakapindanso mpaka kanakana kupindika.

“Mukabwera kunyumba ndi sutikesi,” anatero, “ndiye kuti ndi zoona.”

“Zoona ziti?”

“Zimene ananena adokotala. Inu mukakhala pampando, ndimadziuza kuti nthawi ilipo. Munthu ngati inu simungakhale kuno amayi akanakhala kuti akupitadi.”

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Ndinawamvera chisoni bambo anga, mu jekete yawo yothina ija, kuposa tsiku lililonse limene analuza.

Azakhali anawagwira phewa. “Akupita, achimwene, kaya ndikhale pampando kaya ndisakhale. Ine ndili ndi mantha anga. Masisitere anzanga makumi atatu ndi mmodzi apemphera masiku atatu n'kulemba dzina langa. Ndikakana, sindikudziwa ngati ndikukana iwo kapena Mwini wake.”

Panja wina ankasesa masamba. Bambo anapukuta nkhope ndi chikhatho, nakhosomola.

“Achemwali, za Mulungu mumadziwa ndinu. Koma za zisankho ndimadziwako ine. Chisankho chimenechi sichinayende bwino. Panali chinyengo, ndipo wochita chinyengoyo ndikumudziwa. Kawauzeni ambuye bishopu kuti mavoti ena anachokera m'nsapato. Akafuna mboni ndili pano.”

Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka, misozi ikutsika. “Ndiye mukuti ndikakane?”

“Kakaneni. Bwerani kunyumba.”

Belu linalira dzuwa litapendeka, ndipo silinalirire azakhali. Anasankha sisitere wina wachichepere, mphunzitsi wa masamu, amene azakhali anamulandira okha pachipata ali mtsikana. Zimene azakhali ananena m'katimo sindikuzidziwa. Sisitere wa pachipata anangoti ambuye bishopu anavula magalasi, nafunsa ngati wosoka nsapatoyo amakonzanso za amuna.

Panapita sabata azakhali akupereka makiyi ndi mafayilo. Kenako anakagogoda pa ofesi imene inali yawo, naima kutsogolo kwa tebulo, n'kupempha chilolezo chopita kwa mayi awo. Bambo atamva zimenezi anapukusa mutu, nati boma lotere silingatheke kwina kulikonse.

Anafika Loweruka m'mawa pa minibasi, opanda dalaivala, ndi kachikwama kamodzi. Bambo anakawachingamira pasiteji nawanyamulira mpaka pakhomo la chipinda chakumbuyo. Pamenepo anaima.

“Ndani?” anafunsa agogo ali pabedi.

“Ndine, amayi.”

“Amayi Akulu?”

“Ayi, amenewo anasiya ntchito. Ndine mwana wanu.”

“Ukhala mpaka liti?”

“Mpaka mutanditopa.”

Agogo anatambasula dzanja, napapasa velo, mphumi ndi masaya a azakhali. “Wakalamba,” anatero. “Ndikande pamsanapa, mdzukulu wangayu amangondisisita.” Azakhali anavula wotchi, napinda manja a malaya, nayamba kukanda. Agogo anatseka maso, koma posakhalitsa anatukula mphuno.

“Nanga akupumira pakhomoyo ndani? Ndikumva fungo la guluu.”

“Ndine, amayi,” anatero bambo.

“Lowa. Chitseko sichiluma.”

Bambo anaika chikwama pansi nalowa. Anaima kumiyendo kwa bedi, akuyang'ana timikono ta agogo pamwamba pa bulangete.

“Mwaonda, amayi.”

“Ukanamalowa tsiku ndi tsiku ukanaona pang'onopang'ono. Khala apa.”

Anakhala pansi penipeni, nanyamula mapazi otupa a mayi awo n'kuwaika pamiyendo pawo. Ankalira mwakachetechete, poganiza kuti munthu wosaona sangadziwe. Agogo anawapeza mutu ndi dzanja, naliika pamenepo osalichotsa.